Mzere umodzi, zithunzi mazanamazana: nkhani ya ImageMagick

Mukatumiza chithunzi pa webusaiti ya sukulu, ya nyuzipepala kapena ya kampani imene mukufunsirako ntchito, chimene chimaoneka pa sikirini pakapita masekondi awiri si chija mwatumizacho. Chanucho chidali chachikulu, cholemera mwina ma MB 4 kapena 5. Chimene mukuonacho n'chatsopano: chachepetsedwa, chadulidwa m'mbali, nthawi zina chasandutsidwa fayilo ya mtundu wina. Palibe munthu amene wakhala pampando n'kugwira ntchitoyo. Yagwiridwa ndi pulogalamu yopanda mabatani, yopanda tizithunzi todinapo, imene anthu ambiri amene imawatumikira tsiku ndi tsiku sadamvepo n'dzina lomwe. Pa makompyuta ambirimbiri osunga mawebusaiti, pulogalamuyo ndi ImageMagick.

Aliyense amene ali ndi webusaiti ya WordPress mwina akuigwiritsa ntchito osadziwa, pakuti WordPress ikaipeza pa kompyuta imene yaikidwapo, imaituma kuchepetsa chithunzi chilichonse chimene mwini webusaiti waika. MediaWiki, pulogalamu yoyendetsa Wikipedia, nayo idapangidwa moti izitha kuiitana pa ntchito yomweyo. Komatu ImageMagick ndi yakale kuposa zonsezi. Ndi yakale ngakhale kuposa webusaiti yoyamba padziko lapansi, imene idatsegulidwa kwa anthu onse mu 1991. Ndi yaulere, imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo aliyense amene ali ndi laputopu, ngakhale yotopa, angathe kuilamula yekha. Mfundo yomalizayi ndi imene yandilembetsa nkhaniyi. Zimandipweteka kuona anthu akutaya nthawi, ndalama ndi ma MB pa ntchito imene mzere umodzi wa mawu ungaimalize.

Idabadwira m'kampani ya makemikolo

Mu 1987, John Cristy ankagwira ntchito ku DuPont, kampani ya ku America yopanga makemikolo imene idatchuka ndi nayiloni. Mnzake wa pantchito, katswiri wa sayansi David Pensak, adali ndi zithunzi zopangidwa ndi kompyuta zimene ankafuna kuziona pa sikirini. Vuto lidali lakuti zithunzizo zidali ndi mitundu ya utoto yochuluka kuposa imene sikirini ya masiku amenewo inkatha kuonetsa.

Tiyambe ndi mmene kompyuta imaonera chithunzi. Kwa iyo, nkhope ya mwana wanu ndi timadontho toyalidwa m'mizere, tomwe akatswiri amatitcha ma pixel. Kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu: ina ya kuchuluka kwa utoto wofiira, ina ya wobiriwira, ina ya wabuluu, ndipo iliyonse imayambira pa 0 kulekeza pa 255. Mukachulukitsa 256 ndi 256, n'kuchulukitsanso ndi 256, mumapeza mitundu 16,777,216. Sikirini imene Cristy adali nayo inkaonetsa mitundu 256 yokha pa nthawi imodzi. Ndiye pa mitundu yoposa 16 miliyoni, musankhepo iti, ndipo yotsalayo muitani?

Cristy adakafunsa pa Usenet, bwalo la pa makompyuta limene akatswiri ankakambiranapo intaneti isadafike kwa anthu wamba. Paul Raveling wa ku University of Southern California adamuyankha, ndipo sadangomuuza njira yokha: adamulozeranso pulogalamu yolembalemba kale imene akadatha kuitenga mwaulere. Njirayo, mwachidule, imayenda motere. Pulogalamu imawerenga timadontho tonse, n'kuona mitundu imene yachuluka m'chithunzicho, n'kuiika m'magulu a yofanafana, kenako n'kusankha mtundu umodzi woimira gulu lililonse. Chithunzi cha nyanja chimalandira mitundu yambiri ya buluu. Cha munda wa tiyi, yambiri yobiriwira. Pamene pakufunika mtundu umene sudasankhidwe, pulogalamu imasakaniza timadontho ta mitundu yoyandikana nawo, diso n'kukhulupirira kuti laona mtundu umene palibe. Yandikitsani nyuzipepala kumaso, muyang'anitsitse chithunzi chilichonse cha mitundumitundu. Muona timadontho ta inki za mitundu inayi yokha, taunjikana apa, tatalikirana apo. Nzeru yake ndi yapachibale ndi imeneyo.

Kwa zaka zingapo Cristy adapitiriza kuthandizidwa ndi mapulogalamu aulere a pa Usenet, mpaka adaona kuti naye ayenera kubweza. Adapempha chilolezo kwa mabwana ake, iwo adavomera, ndipo pa 1 Ogasiti 1990 adaika ImageMagick poyera kuti aliyense aitenge. Pambuyo pake DuPont idapereka umwini wa pulogalamuyi ku ImageMagick Studio LLC, bungwe laling'ono limene likuisamalabe mpaka lero.

Mafayilo osamvana

Vuto la mitundu 256 lidatha kalekale. Ngakhale foni yamakono yotchipa pamsika lero imaonetsa mamiliyoni. Chimene chasunga ImageMagick ndi moyo ndi vuto lina, lomwe silikuonetsa kuti litha: makampani ndi mabungwe sadagwirizanepo njira imodzi yosungira chithunzi m'fayilo.

GIF idabwera ndi kampani ya CompuServe mu 1987, ndipo mpaka lero imanyamula mitundu 256 yokha. JPEG idakhazikitsidwa mu 1992 kuti izisunga zithunzi za pa kamera. Foni ikajambula chithunzi cha timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, timadonthoto timakwana 12 miliyoni, ndipo titasungidwa tonse mmene tilili tingadye pafupifupi ma MB 36. JPEG imadula chithunzicho m'timabokosi ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kutaya m'kabokosi kalikonse tinthu timene diso silingatizindikire msanga. N'chifukwa chake fayiloyo imatsika kufika ma MB ochepa chabe.

PNG yokha idabadwa ndi mkwiyo. Kumapeto kwa 1994 kudamveka kuti kampani ya Unisys, imene idali ndi umwini wa njira yopanikizira mafayilo a GIF, iyamba kulipiritsa opanga mapulogalamu. Gulu la akatswiri odzipereka, motsogozedwa ndi Thomas Boutell, lidakonza mtundu watsopano wopanda mwini, wosataya kadontho ngakhale kamodzi, ndipo udavomerezedwa mu 1996. Kenako Google idabweretsa WebP mu 2010, ndipo kuyambira 2017 mafoni a iPhone amasunga zithunzi mu HEIC. Mlamu wanu wa ku Johannesburg akakutumizirani pa imelo chithunzi cha pa iPhone, inu n'kupita nacho ku situdiyo kuti akachitsuke, n'kukuuzani kuti kompyuta yawo ikukana kuchitsegula, gwero lake nthawi zambiri ndi limeneli.

ImageMagick imadziwa mitundu ya mafayilo yoposa 200, ina mwa iyo ya makompyuta amene adaleka kupangidwa ambiri a ife tisadabadwe.

Pa kawindo kakuda

Mukaiika pa kompyuta, musayembekezere kuona kachizindikiro katsopano pa sikirini koti muzidinapo. Mumatsegula kawindo kolembamo malamulo, kamene pa Linux ndi pa Mac amakatcha Terminal, pa Windows amakatcha Command Prompt kapena PowerShell. Mulibe chilichonse m'menemo koma kamzere kophethira, kodikira kuti mulembe. Mukalemba kuti

magick ukwati.png ukwati.jpg

n'kudina Enter, kawindoko sikayankha kanthu. Kamzere kaja kamangotsikira pansi, n'kuyambanso kuphethira. Oyamba kumene amaganiza kuti zakanika. Koma mukasuzumira mu foda, mupezamo fayilo yatsopano. Pulogalamuyi yaona zilembo za kumapeto kwa dzina lachiwirilo, yadziwa kuti mukufuna JPEG, yagwira ntchito, yakhala chete. Imalankhula pokhapokha china chikalakwika.

Pa chithunzi chimodzi palibe chodabwitsa. Pulogalamu iliyonse ingachite zimenezo. Mphamvu yake imaoneka zithunzi zikachuluka. Taganizirani wojambula amene wabwera ku ukwati Loweruka usiku ndi zithunzi 800 m'kamera, chilichonse cha ma MB 8. Akuchikazi akufuna kuziona pa foni Lamulungu m'mawa, akuchimuna nawo akuimba. Kutsegula chimodzi, kuchepetsa, kusunga, kutseka, kutsegula china: umenewo ndi mtondo ndi munsi, pamene chigayo chili pakhomo pomwepo. Iye akapanga foda yatsopano n'kuitcha zazingono, angolemba kuti

magick mogrify -path zazingono -auto-orient -resize 1600x1600 -quality 82 *.jpg

n'kupita kukasamba. Pobwerako apeza zithunzi 800 zopepuka zili m'malo mwake, zoyambirira zija zili bwinobwino.

Mzerewu ukuoneka woopsa, koma tauwerengani pang'onopang'ono. Mawu akuti mogrify akuuza pulogalamu kuti igwire mafayilo ambiri motsatizana. Akuti -path akunena kumene zotsatira zikaikidwe. Akuti -auto-orient akuimiritsa zithunzi zimene zidajambulidwa kamera itapendekeka. Akuti -resize 1600x1600 akulamula kuti mbali yaitali ya chithunzi ikhale timadontho 1,600, ndipo pulogalamu imawerengera yokha mbali inayo kuti nkhope za anthu zisaphwatalale. Nambala ya 82 ikunena mlingo wa ubwino wa JPEG: mukaitsitsa fayilo imapepuka, koma zipsera za timabokosi tija zimayamba kuoneka m'mbali mwa zilembo ndi pa khungu. Kanyenyezi ka kumapetoko kakutanthauza fayilo iliyonse imene dzina lake likuthera ndi .jpg.

Pali chenjezo limodzi limene aliyense wophunzitsa mnzake pulogalamuyi ayenera kulinena mokweza. Mukaiwala -path, mogrify imalemba zithunzi zazing'onozo pamwamba pa zoyambirira, osafunsa, osachenjeza, ndipo palibe batani lobwezera. Zithunzi za ukwati wa eni ake zikachepa motero, zachepa basi. Koperani kaye foda yonse pa fulashi, ndiye muziyeserera.

Lamulo lina limene ojambula angalikonde ndi montage. Limatenga zithunzi zonse n'kuziyala pa mapepala, mwachitsanzo 30 pa tsamba lililonse, dzina la fayilo lili pansi pa chilichonse, kuti eni ukwati angolozapo zimene akufuna kuti zitsukidwe. Palinso identify, limene limakuuzani kukula, mtundu ndi kulemera kwa fayilo. Composite, limene limasanjika chithunzi pamwamba pa chinzake, monga chizindikiro cha situdiyo pakona pa zithunzi zonse 800. Ndi compare, limene limaonetsa ndi utoto wofiira paliponse pamene zithunzi ziwiri zasiyana.

N'zoona kuti mapulogalamu aakulu odinadina, monga Photoshop, nawo ali ndi njira zogwirira zithunzi zambiri nthawi imodzi. Koma amafuna ndalama mwezi ndi mwezi, amafunanso kompyuta yamphamvu. Ndipo pali chinthu chimene lamulo lolembedwa limaposa nacho dzanja lodina: limasungika. Mzere uja mungaulembe m'kope, mungautumize kwa mnzanu pa meseji, mungaupatse wophunzira ntchito, ndipo chaka chamawa udzachita ndendende zimene wachita lero. Mungauikenso m'kafayilo n'kuuza kompyuta kuti iziuyendetsa yokha usiku uliwonse. Mawebusaiti nawo amasiyira kompyuta kuti iziyendetsa yokha malamulo otere. Ine ndimaona kuti timawalakwira achinyamata tikamawaphunzitsa kompyuta ngati makina odinapo basi, kawindo kakuda n'kumakaonetsa ngati malo a akuba a pa intaneti. Mwana amene waona mzere umodzi wolemba yekha ukugwira ntchito ya tsiku lathunthu wamvetsa chimene kompyuta ili.

Fomu ikakana satifiketi

Ambiri a ife vuto la zithunzi timakumana nalo pofunsira ntchito, malo a sukulu kapena viza. Tsiku lotsekera ndi lomwelo, netiweki ikudukaduka, ndipo fomu ya pa intaneti ikunena kuti fayilo isapitirire ma KB 500, pamene satifiketi imene mwasikanitsa ku steshonale ili ndi ma MB 4. Pamenepa anthu amachita zimene angathe. Ena amajambula sikirini, ena amadzitumizira okha chithunzicho pa WhatsApp kuti chibwereko chopepuka, ndipo chimabwerako zilembo zitafufutika moti nambala ya mayeso siwerengeka. Ena amathamangira ku mawebusaiti olonjeza kuchepetsa mafayilo mwaulere.

Njira yomalizayi imandidetsa nkhawa kuposa zonse. Bandulo imadyedwa kawiri, potumiza ndi potsitsa. Choopsa kwambiri n'chakuti chiphaso cha unzika, pasipoti ndi masatifiketi anu mwazipereka kwa munthu amene simukumudziwa, pa kompyuta imene simukudziwa dziko limene ili. Mu Malichi 2025, ofesi ya FBI ya ku Denver ku America idachenjeza poyera kuti ena mwa mawebusaiti otere ndi misampha: fayilo amakusinthirani ndithu, koma amatolamo zinsinsi zanu kapena kukubwezerani fayilo yobisa pulogalamu yoononga.

Chonsecho ntchito yomweyo ingathere pa laputopu yanu, intaneti itazimitsidwa:

magick satifiketi.jpg -resize 1800x1800 -define jpeg:extent=450kb yotumiza.jpg

Apa pulogalamu imayesa yokha milingo yosiyanasiyana ya ubwino mpaka itapeza wapamwamba kwambiri umene fayilo yake sipitirira ma KB 450. Ngati pepalalo ndi la zilembo zokhazokha, kuonjezera mawu akuti -colorspace Gray kumachotsa utoto, mpata umene wapulumukawo n'kupita ku kuwala kwa zilembo. Ndipo akanena kuti zikalata zonse zikhale mu PDF imodzi, mumangondandalika maina a zithunzizo motsatana, n'kumalizira ndi dzina lothera ndi .pdf. Mwini steshonale aliyense amene amasikana zikalata za anthu atadziwa mizere iwiri yokhayi, makasitomala ake angasiye kubwerera kawirikawiri.

Zimene chithunzi chimaulula

Fayilo ya chithunzi sinyamula timadontho tokha. M'kati mwake muli kachigawo kotchedwa EXIF, mmene kamera imalembamo mtundu wa foni, tsiku ndi ola limene chidajambulidwa, ndipo ngati GPS idali yoyatsa, malo enieni amene wojambulayo adaima. Mukalemba magick identify -verbose n'kutsatiza dzina la chithunzi cha pa foni yanu, zonsezi zimakhuthukira pa sikirini.

Mu Disembala 2012, John McAfee, amene adayambitsa kampani yodziwika ya mapulogalamu oteteza makompyuta, ankathawa apolisi a ku Belize omwe ankafuna kumufunsa za imfa ya munthu woyandikana naye nyumba. Atolankhani a magazini ya Vice amene ankayenda naye adaika pa intaneti chithunzi chake chojambulidwa ndi iPhone, osachotsamo EXIF. Posakhalitsa anthu adawerenga manambala a GPS n'kudziwa kuti ali ku Guatemala, ndipo patangopita masiku ochepa adamangidwa komweko. Nkhaniyi imakambidwa ngati yoseketsa, koma taganizirani mtolankhani amene wajambula munthu womuululira za katangale, kapena mayi amene wathawa nkhanza n'kutumiza chithunzi cha ana kwa achibale. Facebook ndi WhatsApp zimachotsa zambiri mwa izi mukatumiza chithunzi mwa masiku onse, koma mukachitumiza pa imelo, kapena ngati chikalata kuti chisafufutike, chimapita ndi zonse.

Liwu limodzi, -strip, limachotsa zonsezo. Koma musalithamangire. Muyambe ndi -auto-orient, chifukwa chizindikiro chouza kompyuta kumene kuli kumwamba kwa chithunzi chimakhalanso mu EXIF momwemo, ndipo mukachichotsa musadaimiritse chithunzicho, anthu onse adzagona chammbali. Komanso dzina la wojambula ndi umboni wa tsiku zimapita nawo limodzi, zomwe ndi chuma kwa wojambula wofuna kuteteza ntchito yake ndiponso kwa mkonzi wofuna kutsimikiza kuti chithunzi cha kusefukira kwa madzi n'cha chaka chino. Wofuna kuchotsa GPS yokha n'kusiya zinazo ali ndi chida china cha pa kawindo komweko, ExifTool, chimene Phil Harvey wa ku Canada adayamba kuchilemba mu 2003.

Meyi 2016

Kudziwa mitundu 200 ya mafayilo kuli ndi mtengo wake. Mtundu uliwonse ndi khomo, ndipo khomo lililonse lingathe kukhala ndi loko wofooka. Kumayambiriro kwa Meyi 2016 kudalengezedwa vuto limene Nikolay Ermishkin, wa gulu la chitetezo ku kampani ya Mail.Ru ya ku Russia, adathandiza kulitulukira. Lidapatsidwa nambala ya CVE-2016-3714, koma dziko lidalidziwa ndi dzina lakuti ImageTragick.

Mmene linkagwirira ntchito n'zophunzitsa. ImageMagick siikhulupirira dzina la fayilo poiwerenga; imasuzumira m'kati kuti idziwe mtundu wake. Mitundu ina ya zithunzi, monga MVG ndi SVG, si timadontho koma malangizo olembedwa: jambula mzere apa, katenge chithunzi chakuti ku adiresi yakuti. Pokatenga chithunzi cha ku adiresiyo, ImageMagick inkatuma pulogalamu ina, n'kuipatsira adiresiyo osaisefa mokwanira. Wakuba ankangolemba kafayilo ka mizere yochepa, n'kubisa lamulo lake kumchira kwa adiresi, n'kukatcha dzina lothera ndi .jpg, n'kukatumiza pa webusaiti ngati chithunzi cha nkhope yake. Kompyuta ya eni webusaiti inkamvera lamulolo ngati lachokera kwa mwini wake. Pasadathe masiku ambiri chilengezedwere, akuba adali atayamba kale kuyesa makomo a mawebusaiti.

Akuluakulu omwe sadapulumuke. Kumayambiriro kwa 2017 kudadziwika kuti Facebook idalipira katswiri wina, Andrew Leonov, madola 40,000 a ku America atawaonetsa kuti khomo lomweli lidali lotsegula pa imodzi mwa makompyuta awo. Chaka chomwecho Chris Evans adaonetsa kuti kafayilo ka mabayiti 18 okha kankachititsa makompyuta a Yahoo Mail kutulutsa zidutswa za zithunzi za anthu ena, ndipo Yahoo idangosiyiratu kugwiritsa ntchito ImageMagick.

Mabowo amenewo adatsekedwa. Chidatsalira ndi fayilo yotchedwa policy.xml, mmene woyang'anira kompyuta amalembamo mitundu ya mafayilo imene pulogalamuyi iloledwe kugwira. Mu 2018, Tavis Ormandy wa ku Google atapeza mabowo ena mu Ghostscript, pulogalamu imene ImageMagick imadalira powerenga PDF, opanga Ubuntu ndi mitundu ina ya Linux adatseka PDF m'fayilo imeneyi. Choncho mukayesa kupanga PDF pa Linux, kawindo n'kukuyankhani kuti simukuloledwa, kompyuta siidaonongeke. Ndi loko ameneyu. Kwa munthu amene akusintha zithunzi zake zomwe pa laputopu yake, chiopsezo n'chochepa. Koma achinyamata amene akupangira mawebusaiti masukulu, mipingo ndi mabizinesi, mawebusaiti olandira zithunzi kuchokera kwa aliyense, nkhaniyi ndi yawo. Aziika ImageMagick yatsopano nthawi zonse, ndipo atseke mtundu uliwonse wa fayilo umene webusaitiyo siufuna.

Akusenza ndani?

Mu Ogasiti 2020, Randall Munroe, wojambula makatuni a xkcd, adajambula nsanja yaitali ya zidina zosanjikizana, yoimira zipangizo zonse zamakono za pa intaneti, yonseyo itatsamira pa kachidina kamodzi kopyapyala kamene munthu mmodzi wosadziwika wakhala akukasamala kwa zaka zambiri popanda womuthokoza. M'mawu obisika a katuniyo, pulogalamu imene adaitchula dzina ndi ImageMagick.

Sadanamepo. Patatha zaka zoposa 35, Cristy akadali pa ntchitoyi, mothandizana ndi anthu owerengeka, monga Dirk Lemstra wa ku Netherlands. Glenn Randers-Pehrson, amene ankasamala mbali ya PNG, adamwalira mu 2018. Zitsanzo zambirimbiri zimene ophunzira padziko lonse amawerenga adazilemba ndi Anthony Thyssen wa ku Australia. Nthawi ya ImageTragick anthu ambiri adalankhula mawu owawa, ngati kuti adagula katundu woola. Ine sindiona chilungamo pamenepo. Makampani a ndalama zankhaninkhani adatenga mwaulere chida chopangidwira wasayansi wofuna kuona zithunzi zake, n'kuchiika pakhomo polandirira mafayilo a anthu osawadziwa, osalemba ngakhale munthu mmodzi woti achiunike. Wodya phindu ndiye ankayenera kulipira mlonda.

ImageMagick ilinso ndi abale ndi opikisana nayo. Netpbm idachokera ku zida zimene Jef Poskanzer adatulutsa mu 1988, timapulogalamu tambirimbiri tochita kanthu kamodzikamodzi. Mu 2002 Bob Friesenhahn adapatuka n'kuyambitsa GraphicsMagick, pofuna pulogalamu yosasinthasintha malamulo ake. Koma imene ikulanda malo masiku ano ndi libvips, ndipo mbiri yake ndi yokoma. Idayambira ku London cha mu 1989, pa ntchito yotchedwa VASARI, pamene National Gallery ndi anzawo ankafuna kujambula zithunzi zakale zopenta pamanja mwatsatanetsatane kuti aziyeza mmene utoto wake ukusinthira pakapita zaka. Mafayilo ake adali aakulu kuposa memore ya makompyuta awo. Choncho Kirk Martinez ndi John Cupitt adalemba pulogalamu imene siinyamula chithunzi chonse nthawi imodzi. Imatenga kachigawo, n'kukakonza, n'kukatula, n'kutenganso kena. Kusowa kwa nthawi imeneyo ndiko kwaipatsa liwiro lero, ndipo pa kompyuta ya memore yochepa lamulo lake la vipsthumbnail limamaliza ntchito pamene ImageMagick ikupuma wefuwefu.

Malire ake, ndi poyambira

Dzina lake lisakunamizeni. Chithunzi chofufutika sichingawale chifukwa mwachikulitsa; pulogalamu imangotambasula timadontho timene tilipo. Komanso nthawi iliyonse mukatsegula JPEG n'kuisunganso ngati JPEG, imatayanso tina, ndipo zotayikazo sizibwerera. Amene ali ndi zithunzi zakale za agogo, za mpingo kapena za sukulu, zimene zikutha ndi chinyontho m'masutikesi, azisikane kamodzi bwinobwino, azisunge mu TIFF kapena PNG m'malo awiri osiyana, ndipo ma JPEG ogawira achibale azipangidwa kuchokera ku zimenezo.

Pa Linux ImageMagick imapezeka m'nkhokwe ya mapulogalamu, ndipo nthawi zina imakhala ilimo kale. Ya Windows imatengedwa pa webusaiti ya eni ake, n'kutha kugawidwa pa fulashi mwalamulo, popeza chilolezo chake chimalola kuikopera, kuigawa ngakhalenso kuigwiritsa ntchito pa bizinesi. Malangizo ambiri akale amayamba ndi liwu lakuti convert m'malo mwa magick. Limenelo ndi la ImageMagick 6 kutsika m'munsi, ndipo lidasinthidwa ImageMagick 7 itatuluka mu 2016. Pa Windows pali chifukwa chinanso chopewera liwu lakalelo: Windows ili ndi convert yakeyake, imene ntchito yake ndi kusintha kasungidwe ka mafayilo pa disiki, osati zithunzi.

Amene alibe laputopu nawo sadatsalire. Pa foni ya Android pali pulogalamu yaulere yotchedwa Termux, imene imatsegula kawindo kakuda komweko m'manja mwanu. Mukalemba termux-setup-storage, foni imakufunsani ngati mukuilola kufika ku zithunzi zanu. Mukalemba pkg install imagemagick, imatsitsa pulogalamuyo kamodzi kokha. Kuchokera pamenepo, malamulo ochepetsera satifiketi ndi ochotsera EXIF amagwira ntchito pa foniyo monga pa kompyuta, ngakhale bandulo itatha.